Ndinalengeza Kuti Atate Sakala Ali Bwino

Ine ndinanama pa wailesi. Silinali bodza lija loti munthu n'kumangidwa nalo, iyayi. Kanali kabodza kokometsera pulogalamu, konga kamchere kowaza pa ndiwo. Koma kabodza kameneko kanabweza anthu amene ankafunafuna nkhalamba yosowa, ndipo mpaka lero mtima wanga sukhala pansi. Inu owerenga, makamaka inu amene mumameza chilichonse chotuluka m'kabokosi kaja, ndiloleni ndikuuzeni zimene zinandionekera, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndinabadwira muno mu Kafue. Atate anga anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo sanabwererenso. Ine pakamwa ndili napo, sindikana. Amayi ankati ndinayamba kuyankha akuluakulu ndisanayambe kukwawa. Ndiye kawailesi ka m'tauni mwathu katatsegulidwa, palibe amene anadabwa kumva mawu anga m'mawa. Eni ake anali anthu a konkuno, amalonda angapo, m'busa wina ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Situdiyo inali kachipinda pamwamba pa sitolo ya simenti, makatoni a mazira atakhomedwa kukhoma kuti mawu asamabwerere. Magetsi akazima nafenso tinkazima. Koma chitseko chinali chotsegula. Mbuzi ikasowa, mwana akasochera, maliro akagwa ku dera la Estates, munthu ankangokwera masitepe aja n'kundinong'oneza, ine n'kulengeza pomwepo.

Mwa omvera anga onse panali Ba Sakala, mnzawo wa malemu atate anga, amene anakalamba nawo limodzi pa njanji. Ine ndinkawatchula kuti atate. Atapuma ntchito, mutu unayamba kuwasokonekera pang'onopang'ono. Ankaiwala kuti anapuma, ankavala jekete lawo lakale la ntchito n'kumati akupita ku siteshoni ya sitima. Ankakhala ku Estates ndi mwana wawo Esinati, amene amagulitsa masamba pamsika. Mayina a adzukulu ankawasokoneza, koma nambala ya situdiyo sankaiwala. M'mawa uliwonse ankaimba ndi kafoni kawo kundiuza kuti afika pa ntchito, ine n'kufuula pa wailesi kuti, “Atate Sakala afika pa ntchito, sitima inyamuke!” Tauni yonse inkaidziwa nthabwala imeneyi, mpaka makondakitala ankaibwereza basi ikadzaza. Tsiku lina anasochera ndithu. Esinati anakwera masitepe akulira, ndinalengeza, ndipo nshima yamasana isanapse kondakitala wina anali atawapeza ku Shimabala, kunja kwa tauni, akuyenda m'mbali mwa msewu.

Kenako kunabwera ogula wailesi yathu. Inali kampani yaikulu, yokhala ndi mawailesi m'matauni ambiri, ena m'maiko oyandikana nafe, kuphatikizapo wailesi ya kanema. Eni ake akale anali atatopa, ndipo sindiwaweruza. Ine ndinavina kuposa wina aliyense. Anatibweretsera zipangizo zonyezimira, jenereta, malaya olembedwa dzina la kampani, ndipo anatilonjeza kuti tsiku lina nkhope zathu zidzaoneka pa kanema. Ndinayenda pamsika nditavala malaya aja mapewa ali m'mwamba. Chikomekome cha mkuyu, abale.

Sipanatenge nthawi, zinthu zinayamba kusintha. Nyimbo zinayamba kuchokera ku likulu. Nkhani zinayamba kuwerengedwa ndi mawu a munthu amene dzina la Shimabala linkamupinda lilime. Anzanga anachotsedwa mmodzimmodzi. Mapeto ake anatseka kachipinda kathu kaja ndi loko, n'kusiyamo kompyuta yokha yolandira zinthu kuchokera kutali n'kumaziulutsa. Ine anandisiya chifukwa anthu a Kafue amawadziwa mawu anga. Koma anandiuza kuti sindidzalankhulanso m'mawa uliwonse. Lolemba ndizikwera basi kupita ku Lusaka, ndizikajambula mapulogalamu a sabata yonse tsiku limodzi, kompyuta iziwatulutsa lililonse pa tsiku lake.

Amene ankatiyang'anira kumeneko anali Ba Chanda, bambo waulemu, wosakweza mawu. Anandilangiza kuti ndisamatchule za mvula kapena dzuwa, ndisamatchule zimene zachitika m'tauni, komanso ndisamauze omvera kuti mawuwo ndi ojambula, chifukwa otsatsa malonda amafuna anthu aziganiza kuti ndili pomwepo. Foni ya situdiyo anaisamutsira ku likulu, kumene woimba ankangomva kanyimbo mpaka atatopa.

Apa mvetsetsani bwino, inu owerenga, chifukwa ndi pamene ndinaponda molakwika. Palibe amene anandiuza kuti ndizinamizira kuti anthu aimba foni. Sabata yoyamba moni wa Atate Sakala ndinausiya. Amayi a pamsika anandizinga kundifunsa ngati mdala wadwala, ena ankati pulogalamu yazizira, ndayamba kunyada poti ndalowa kampani yaikulu. Zinandiwawa. Ine wozizira? Lolemba lotsatira ndinakhala m'kachipinda ka ku Lusaka, ndekhandekha, palibe foni imene inalira, ndipo ndinafuula kuti Atate Sakala afika pa ntchito. Ndinajambula wa Lachiwiri, wa Lachitatu, mpaka sabata inakwana. Ndinadziuza kuti ndikusangalatsa nkhalamba. Kuti zisamveke zofanana ndinkasinthasintha, lero n'kuti aimba akuseka, mawa n'kuti akudandaula tiyi wopanda shuga. Zinapitirira choncho miyezi, ndipo kunyumba kwawo ndinasiya kupitako, poti ndinkaopa kuti andifunsa chifukwa chimene foni siyankhidwa.

Popeza masiku ena onse ndinalibe chochita, ndinayamba kukaoda tomato ku Shimabala n'kumagulitsa. Lachinayi lina ndinalawira kuminda. Foni yanga inali itazima chifukwa magetsi kwathu kunalibe, ndinangoiponya m'chikwama. Ndinatha m'mawa wonse ndikukangana mitengo ndi alimi, osadziwa kanthu. Pobwerera dzuwa lili pamutu, kondakitala anandithandiza kukweza mabokosi, kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwachita bwino ba mayo, mdala uja anatidetsa nkhawa.” Ndinamufunsa kuti mdala uti. Anaseka, akuyesa ndikumuseleula. Anati Ba Sakala, amene anasowa m'mamawa, amene ine ndalengeza kuti aimba foni ndipo ali bwino.

Ndinakumbukira zimene ndinajambula Lolemba lija. Ndinali nditatopa, nthabwala zitandithera, ndiye pa pulogalamu ya Lachinayi ndinangoti Atate Sakala angoimba kumene, afika pa ntchito, akuti ali bwino ndipo ana asade nkhawa. Mawu amenewo ndinawatola mumlengalenga kuti ndidzaze mpata nyimbo isanayambe.

Zimene zinachitika ndinazimva m'basi momwemo, aliyense akuponyapo zake. Esinati atadzuka kuti azipita kumsika anapeza chitseko chili pululu, bedi la atate lopanda munthu, jekete palibe, kafoni palibe. Ataimba, kafoniko sikankapezeka. Anathamangira achinyamata a kutchalitchi kwawo amene ankatuluka ku mapemphero a m'mawa, ndipo anagawana. Ena analowera ku siteshoni, ena msewu wa ku Lusaka, ena anatsikira kumtsinje. Iye anathamangira ku situdiyo monga kale, n'kupeza loko. Mlonda anamuuza kuti m'katimo mulibe munthu, koma Esinati ankamva mawu anga akutuluka m'wailesi ya ometa tsitsi pafupi pomwepo. Akukangana ndi mlondayo, ndi pamene moni uja unamveka. Akuti anagwada pansi kuthokoza Mulungu. Anaimbira magulu onse kuti abwerere, atate ali ku siteshoni, mwina wina wawabwereka foni. A kumtsinje anabwerera. Amene anali ndi ntchito anapita ku ntchito zawo.

Tomato uja ndinamusiya m'basi. Sindikudziwa amene anamudya. Ndinathamanga kupita ku siteshoni chitenje chikumasuka, ndipo ndinamupeza Esinati akuzungulirazungulira, akufunsa aliyense wodutsa. Atandiona nkhope yake inawala, anandithamangira.

“Ba sisi, mwabwera bwino. Aimbira pa nambala iti? Pano sakuoneka.”

Ndinati, “Esinati, atate sanaimbe. Mawu aja ndinajambula Lolemba ku Lusaka.”

Sanamve. Ndinabwereza. Kenako anafunsa motsitsa kuti nanga masiku ena onse aja. Ndinati onse. Ndi pamene anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Iye amachoka kunyumba atate asanadzuke. Miyezi yonseyi ankati akamva moni wanga pamsika, ankadziwa kuti atate adzuka, ali m'nyumba, mutu uli bwino lero, ndipo ankagulitsa masamba ake mtima uli m'malo. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandimenya mbama. Anangotembenuka n'kuyamba kuimbiranso achinyamata aja mmodzimmodzi.

Ine ndinabwereka foni n'kuimbira Ba Chanda. Ndinawauza kuti anditsegulire situdiyo, kapena adule nyimbo andilumikize pa foni pomwepo, mawu ochepa okha, nditchule jekete ndi msinkhu wa munthu. Anamva chisoni, ndipo ndikukhulupirira kuti chinali chisoni chenicheni. Koma anati kompyuta ya ku Kafue siili m'manja mwawo, imayendetsedwa ndi a ku likulu kunja kwa dziko, ndipo kuti idulidwe pamafunika chilolezo cha akuluakulu amene anali pa msonkhano. Makiyi a situdiyo anali ndi kampani ya alonda. Anati ayesa kupempha a kanema kuti alembe dzina lawo m'munsi mwa nkhani zamadzulo. Madzulo! Munthu ali kunja kuyambira m'bandakucha wopanda madzi! Ndinawatukwana Ba Chanda mawu amene sindingalembe pano. Lero ndimachita nawo manyazi, chifukwa naonso anali wolembedwa ntchito ngati ine.

Nditagwira njakata, ndinakumbukira bambo wina wa pamsika amene amagulitsa mankhwala a makoswe ndi chimkuzamawu. Ndinamulanda, kupempha ndinapempha pambuyo. M'bale wina wa kutchalitchi kwa Esinati anabwera ndi kagalimoto kake kotsegula kumbuyo, ndinakwera n'kuimirira. Tinazungulira msika, Estates, mpaka kumafakitale, ine ndikufuula kuti Atate Sakala sanapezeke, amene wawaona atiuze. Anthu ankatuluka m'masitolo poti mawuwo ankawadziwa. Ndinayamba kuona ngati mwina tiwapeza.

Chimene ndinaiwala ndi chakuti kampani inkabwereza pulogalamu ya m'mawa masana, kuti idzaze nthawi popanda kulemba munthu wina. Tili pafupi ndi owotcherera zitsulo, ndinamva mawu anga akutuluka m'wailesi yawo, osangalala, akuseka, akuti Atate Sakala angoimba kumene, ali bwino, ana asade nkhawa. Ine ndili pagalimoto, thukuta lili kamukamu, ndikufuula zosiyana. Amuna aja anayang'ana wailesi, anayang'ana ine, n'kuyamba kuseka. Mmodzi anafunsa kuti akhulupirire uti, wa m'bokosi kapena wa pagalimoto. Ena ankayesa ndi masewera a kampani otsatsira malonda, mpaka anafunsa ngati pali malaya aulere. Ndinatsika n'kuzimitsa wailesi yawo ndi dzanja langa, koma m'tauni muli mawailesi angati? Paliponse pamene tinkaima ndinkayamba ndi kulumbira kuti ndine wabodza, kuti andikhulupirire.

Pamene anthu anasonkhananso n'kutsikira kumtsinje, dzuwa linali litapendeka. Tinaitana m'mabango mpaka mawu anandithera, ndipo mdima unatibweza. Kunyumba sindinakhale pansi, ndinkangolowa ndi kutuluka ngati nkhuku yofuna kuikira. M'mawa mwake asodzi anawapeza m'mabango atamwalira kale, kumunsi pang'ono kwa pamene gulu loyamba lija linabwererera. Jekete lawo linali lomanga mabatani mpaka m'khosi, monga ankachitira popita ku ntchito.

Pamaliro ndinapita. Ndinaganiza zothawa, koma ndikanathawira kuti? Ndinakhala kumbuyo ndi amayi ophika, ndikutsuka mbale, mutu uli pansi. Kumeneko mayi wina wogulitsa nsomba, amene sankadziwa kuti ndine ndani poti ndinali chete, ankafotokozera anzake akulira. Anati anawaona Ba Sakala m'mawa uja akutsika kanjira ka kumtsinje, akudinadina kafoni m'manja. Anali atamva kwa achinyamata kuti akufunidwa, ndipo anatula beseni lake kuti awatsatire. Pomwepo wailesi ya wokonza njinga inanena kuti aimba, ali bwino. Iye poona kafoni kaja m'manja mwawo anati basi, ndiye kuti angomaliza kulankhula, abale awo akudziwa kumene ali. Anasenzanso beseni lake n'kupita.

Inu owerenga, kafoni kaja kanali kozima. Nkhalamba inkayesa kundiimbira ine.

Esinati sanandithamangitse pamaliro. Titabwera kumanda anandipeza ndikukolopa pakhonde, anaima pafupi nane n'kunena kuti, “Ba sisi, mukanangokhala chete tsiku lija, tikanawapeza.” Ananena zoona. Mpaka pano tikakumana pamsika timapatsana moni, koma sandiyang'ana m'maso.

Akuluakulu atalola, Ba Chanda anachotsa moni wa masiku otsalawo, anaikapo nyimbo. Kampani inatumiza uthenga wachipepeso wolembedwa bwino kwambiri. Lolemba lotsatira sindinakwere basi ya ku Lusaka, ndipo sindinaikwerenso. Wailesi ikadalipo, loko akadalipo. Masiku ano m'mawa mumamveka mawu a mtsikana wina wansangala amene amati “muno mu Kafue” ngati ali pakona pomwepa. Sindimudziwa, sindinamuonepo pamsika, ndipo sindimuda. Ine ndimagulitsa tomato. Ogula ena akamva mawu anga amadzutsa mutu n'kundiyang'anitsitsa, ndiye ndinaphunzira kutchula mtengo motsitsa. Wailesi ikalira pafupi ndimasamuka, tulo timabwera mochedwa, ndipo ndikaona nkhalamba yovala jekete ikuyenda yokha ndimasiya malonda n'kuitsatira mpaka nditadziwa kumene ikupita.

Sindikufuna kubisala kumbuyo kwa kampani. Iwo anatseka chitseko, zoona, ndipo zimandipsetsa mtima kuti munthu wokhala kudziko lina ndi amene ali ndi mphamvu yonena ngati Kafue ingalengeze za nkhalamba yake yosowa. Koma bodza linali langa. Ndinalinena chifukwa sindinkafuna kuti amayi a pamsika azinena kuti ndazizira.

Kwa inu eni timawailesi ta m'matauni, ogula akabwera ndi zonyezimira, musafunse za mtengo wokha. Afunseni kuti mwana akasowa m'mawa, mayi ake adzagogoda pa chitseko chiti, ndipo adzatsegula ndani. Kwa anzanga olankhula pa wailesi, ngati mawu anu ndi ojambula, musanamizire kuti mwaona kapena mwamva chinthu chimene simunachione. Inu mumalankhula m'kachipinda muli nokha, koma kunjaku kuli munthu amene akutula kapena kusenza beseni lake chifukwa cha mawu anuwo. Ndipo kwa inu nonse omvera, tsiku lina mukakwere masitepe a wailesi ya kwanu, mukaone ngati muli munthu wopuma m'katimo. Munthu wanu akasowa, musabwerere panjira chifukwa choti wailesi yanena kuti ali bwino, ngakhale mawuwo akhale a munthu amene munakula naye. Pitirizani kufunafuna mpaka mutamugwira dzanja.